Madonasi a shuga ndi sinamoni osakazinga: momwe ntchito ikuyendera

Loweruka, kumayambiriro kwa Juni

Chinkhoswe cha mng'ono wanga chili mu Ogasiti, ndipo pogawana ntchito ngati banja ine ndinatenga mbali ya zomwera tiyi. Mandasi adzakhalapo, amenewo ndi a azakhali ndipo palibe angawapose. Ine ndikufuna kudzapereka madonasi okunkhuniza mu shuga ndi sinamoni, ophika mu uvuni osati okazinga. Mafuta ophikira akwera mtengo, ndipo kudzaza chiwaya chokazingira madonasi 100 ndi ndalama yoti ikanathandiza pa ndiwo. Chinanso n'chakuti pa tsikulo moto uliwonse udzakhala ndi mwini wake: wina mpunga, wina nkhuku, wina nsima. Ndikufuna chinthu choti ndidzaphike mbandakucha, ndiike m'bakuli, chidzafikebe pamaso pa alendo chili chofewa.

Zomwe ndili nazo ndi izi: kauvuni kamagetsi kolowa thireyi imodzi, mbaula, sefuliya yaikulu, sikelo ya kukhitchini, ndi thireyi ya makeke ang'onoang'ono ya mabowo 12. Thireyi yeniyeni ya madonasi, ya kachitsa pakati, sindinaipeze kuno ku Dedza. Pakadali pano ndikupinda foilo kukhala timizati totalika ngati chala, n'kuimika kamodzi pakati pa bowo lililonse, n'kupaka majarini ponseponse.

Ena kunyumba kuno akuti bowo ndi lachabe, ndingophika timakeke. Ayi. Bowolo lili ndi ntchito. Kutentha kumalowa kuchokera kunja komanso kuchokera pakati, ndiye donasi imapsa yonse nthawi imodzi, m'mbali musanaume. Mmalinyero wina wa ku Maine ku America, Hanson Gregory, ankanena kuti ndiye anayamba kuboola madonasi mu 1847 chifukwa pakati pankakhala posapsa. Kaya anayamba ndi iye kaya ayi, vuto lomwe ankalinenalo ndi lenileni, ndipo mu uvuni limakula kuposa m'mafuta.

Lachiwiri

Ndaphika oyamba. Muyezo womwe ndayambira ndi womwe umapezeka kawirikawiri: ufa wa tirigu magalamu 250, shuga magalamu 130, bekingi pauda masupuni awiri a tiyi, mchere theka la supuni, mazira awiri, mkaka wamba mamililita 240, majarini wosungunula magalamu 60, ndi sinamoni pang'ono m'phala momwemo. Uvuni pa madigiri 180, mphindi 15.

Anafufuma mofulumira kwambiri. Pofika mphindi zisanu anali atakwirira timizati ta foilo, koma nditatulutsa anabwerera pansi, pamwamba pali mphako. Akadali otentha ankakoma ndithu, ana anatha anayi ataimirira. Otsalawo ndinawasunga dala kuti ndione m'mawa. M'mawa anali gwa, ofuna tiyi wambiri kuti atsike.

Apa ndaona mdani wa ntchito yonseyi: kuuma. Donasi yokazinga imatuluka itavala mafuta, ndipo mafutawo amatseka chinyezi m'kati. Yophika mu uvuni ilibe chovala chimenecho, imakhala pa mpweya wotentha womwe ukuiyamwa madzi kuyambira polowa mpaka potuluka. Chilichonse chomwe ndisinthe kuyambira lero ndichiyesa ndi funso limodzi: kodi mawa lake idzakhala yofewa?

Za kufufuma n'kubwereraku ndikukayikira malo omwe tikukhala. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Kumtunda kuno mpweya supanikiza kwambiri, n'chifukwa chake madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 osati 100, ndipo nyemba zimachedwa kupsa kusiyana ndi ku Salima kapena ku Nsanje. Pa zofufumitsa zimatanthauza kuti timathovu ta mpweya m'phala timakula msanga, ufa ndi dzira zisanalimbe kuti zitigwire, kenako timaphulika. Madzinso amatha msanga. Miyezo yambiri inalembedwa ndi anthu okhala kumunsi, ndiye kuno iyenera kuchepetsedwa chofufumitsa, kuwonjezeredwa zamadzi, moto kukwezedwa pang'ono ndi nthawi kufupikitsidwa.

Loweruka

Lero ndachotsa mkaka wamba, ndaikamo chambiko mamililita 250. Bekingi pauda ndatsitsa kufika supuni imodzi ya tiyi, ndawonjezera soda theka la supuni. Uvuni pa 190, mphindi 11.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. M'kati muli wofuwofu, timabowo ting'onoting'ono tofanana, pamwamba papsa mofiirira bwino, ndipo sanabwerere pansi. Chambiko ndi chowawasa chifukwa cha asidi yemwe amapangika mkaka ukasasa. Asidiyo akakumana ndi soda pamatuluka mpweya wa carbon dioxide, umenewo ndiwo umafufumitsa. Asidi yemweyo amafewetsanso ufa wa tirigu kuti usakhale wotanuka. Komanso chambiko n'cholimbirapo kusiyana ndi mkaka, ndiye phala limagwira madzi ambiri osakhala lamadzimadzi. Kufiirira kwabwinoko kwabwera ndi soda, pakuti zophika zokhala ndi soda zimafiira msanga, ndipo zimenezi zikundithandiza kutulutsa madonasi nthawi isanatalike.

Soda amafuna muyezo wake. Theka la supuni pa kapu imodzi ya chambiko ndiye malire. Akapitirira, asidi amatha soda n'kutsala, ndipo donasi imamveka sopo m'kamwa, mtundu wake n'kukhala wachikasu chodera. Amene alibe chambiko akhoza kufinyira supuni yaikulu ya madzi a mandimu m'kapu ya mkaka n'kudikira mphindi 10. Zimagwira ntchito, ngakhale sizifika pa chambiko chenicheni kulimba kwake.

Pali zinthu ziwiri za m'manja zomwe ndaona kuti n'zofunika kuposa muyezo.

Choyamba ndi kutakasa. Tinazolowera kukanda: mandasi timakanda, buledi timakanda, nsima timavundula mpaka mibulu yonse ithe. Pano n'zosiyana. Ufa wa tirigu ukanyowa n'kumautakasa, umapanga gluten, tinthu totanuka tomwe timachititsa buledi kukhala wokoka. Pa buledi n'zabwino, pa donasi yophika zimapha. Ndiye ndimasefa zouma zonse m'mbale imodzi, ndimamenya zamadzi zonse m'mbale ina ndi mpukutso, kenako ndimathira zamadzi m'zoumazo n'kutembenuza ndi mthiko pang'onopang'ono mpaka ufa wouma usaoneke. Timibulu tating'ono tikatsala ndimatisiya, timatha tokha pamoto. Phala loyenera limakhala ngati phala la mgaiwa lolimbirapo, logwa pa supuni mochedwa osati lochucha.

Chachiwiri ndi chisanu. Juni wa ku Dedza amadziwika, m'mawa chifunga chimatsika kuphiri mpaka pakhomo. Ukathira majarini wosungunuka mu chambiko chozizira, amaundana pompo kukhala timiyala, ndipo sagawanika mofanana m'phala. Tsopano ndimaika paketi ya chambiko ndi mazira m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi zingapo ndisanayambe. Ofunda chabe, oti dzanja likhalamo osamva kanthu.

Pothira m'thireyi supuni imadetsa timizati. Ndatsuka pepala la shuga lotha, ndaumitsa, ndathiramo phala, ndadula pakona, ndikufinya mozungulira. Bowo lililonse ndikudzaza kupitirira theka pang'ono basi.

M'mawa mwake anali ofewabe. Osati ngati dzulo lake, koma odyeka popanda tiyi.

Lachinayi

Ndinapita ku Lilongwe pa zina, ndipo ndinadutsa m'masitolo a zokometsera zakudya ku Area 2. Sinamoni waufa yemwe ndinali naye kunyumba anakhalitsa, fungo lake linali litazilala. Fungo la sinamoni lili m'mafuta a m'khungwa lake, ndipo khungwalo likangoperedwa mafutawo amayamba kuuluka. Botolo lomwe lakhala chaka pashelefu limapereka mtundu wokha.

Ndagula makungwa a mitundu iwiri. Wina ndi wokhuthala, wofiira moderapo, wopindika kamodzi, wolimba moti kuuthyola ndi manja n'kovuta. Ameneyu ndi cassia, amalimidwa kwambiri ku Indonesia, China ndi Vietnam, ndipo sinamoni wambiri wa m'mabotolo otchipa ndi yemweyu. Winayo ndi wotuwirapo, timakungwa topyapyala tambiri tokulungidwa pamodzi, tonyenyeka ukangotifinya. Ameneyu ndi wa mtengo wa Cinnamomum verum, kwawo kwenikweni ndi ku Sri Lanka, ndipo amalimidwanso ku Madagascar ndi ku Seychelles. Mtengo wake unali wokwera.

Ndasinja yense payekha m'kamtondo n'kusefa ndi sefa ya tiyi. Wa ku Sri Lanka anasinjika mosavuta. Cassia ananditulutsa thukuta, mpaka ndinamuwamba pang'ono pachiwaya chouma kuti aphwanyike. Fungo la cassia ndi laukali, loluma lilime pang'ono. La winayo ndi lofatsa, lotsekemera, lochedwa kufika.

Maganizo anga ndi akuti m'phala mukufunika cassia, chifukwa fungo lake limapirira moto, pomwe lofatsalo limasowa. Koma pa shuga wokunkhunizira, yemwe amakhudza lilime mwachindunji, wa ku Sri Lanka ndiye mfumu. Pali chifukwa chinanso chosachulutsira cassia: ali ndi coumarin wambiri, chinthu chomwe chingavutitse chiwindi munthu akamachidya chochuluka tsiku ndi tsiku. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya linaika malire a mamiligalamu 0.1 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu pa tsiku. Donasi imodzi kapena awiri pachinkhoswe si nkhani, koma ndikuganiza za ana anga omwe akulawa zoyesera zonsezi, komanso za anthu omwe amamwa sinamoni masupunimasupuni m'madzi m'mawa uliwonse poti anamva kuti amachiza shuga. Amenewo ayenera kudziwa kuti m'botolo mwawo muli mtundu uti, ndipo asasiye mankhwala a kuchipatala.

Loweruka

Tsiku la chovala cha shuga. Ndinaphika thireyi imodzi n'kugawa magulu kuti ndione nthawi yabwino yokunkhunizira.

Ongotuluka kumene mu uvuni: nthunzi yake inasungunula shuga, anasanduka manyuchi omata m'manja. Ozizira kotheratu: shuga anakana kugwira, anangoyoyoka m'mbale. Abwino ndi omwe anakhala mphindi zisanu m'thireyi, kenako n'kuwatulutsa, akadali ofunda koma ogwirika. Amenewo ndinawapaka majarini wosungunula mbali zonse, n'kuwagubuduza mu shuga.

Kupaka kukuposa kuviika. Yoviika imamwa majarini wambiri n'kulemera, pansi pake n'kunyowa. Ndikugwiritsa ntchito kaburashi katsopano komwe sikanakhudzepo china chilichonse. Magalamu 40 a majarini akukwanira madonasi 12. Ndipo ndazindikira kuti majarini wapamwambayu sangogwira shuga ayi, ndiye akulowa m'malo mwa mafuta a m'chiwaya aja, kutseka chinyezi m'kati. Ndinasiya awiri osapaka kuti ndifanizire, m'mawa mwake anali atauma kuposa anzawo onse.

Shuga wathu wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, makamaka wofiirira uja, ali ndi timibulu tikulutikulu. Pa donasi timagwa, ndipo totsalato timalira m'mano. Ndinamusinja pang'ono m'kamtondo, osati mpaka kukhala ufa, kungoti timibulu tichepe. Wagwira bwino kwambiri. Muyezo wake: shuga magalamu 100, sinamoni supuni imodzi ndi theka ya tiyi, ndi kamchere kotsina ndi zala. Kamchereko kamadzutsa kukoma konse.

M'phala ndasankha shuga wofiirira. Ali ndi kamolasesi kotsalira, ndipo molasesi amakoka chinyezi n'kuchisunga. Ndatsitsanso kufika magalamu 110, chifukwa chovala chakunja chili ndi shuga wokwanira kale.

Lachitatu

Magetsi anathima phala lili kale m'thireyi. Phala la soda silidikira, mpweya umayamba kutuluka chambiko chikangokhudza ufa, ndipo likakhala theka la ola limafa. Ndinali ndikudziwa kale kuti pa tsiku lenileni sindingadalire magetsi okha, ndiye lero lakhala tsiku lophunzira mbaula.

Apongozi anga anali pakhonde akusola nyemba. Iwo aphika chigumu pa mbaula kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo safunsa anadya phula.

"Amayi, tandithandizeni. Ndikaika sefuliya pamoto chonchi, sizipserera pansi?"

"Zipserera, mwananga, ngati moto wonse uli pansi. Moto wa chigumu umakhala pamwamba. Pansi mumangosiya makala owerengeka, okutidwa phulusa. Tapitani mukatape mchenga."

Anandionetsa dongosolo lonse. Mchenga wouma, wosefa, wokwana zala ziwiri kuya kwake, pansi pa sefuliya. Pamchengapo timiyala titatu tafulati, thireyi ikhale pa timiyalato osakhudza mchenga kapena m'mbali mwa sefuliya. Sefuliya itenthe kaye yovundikira kwa mphindi 15 isanalandire kanthu. Chivundikiro chikhale chachitsulo, chafulati, ndipo makala ambiri oyaka aikidwe pamwamba pake, mozungulira m'mphepete osati kuunjika pakati. Mchenga umalandira ukali wa moto n'kuugawa mofatsa, ndipo ukatentha suzizira msanga ngakhale utsegule.

Thireyi yanga ya mabowo 12 sinalowe m'sefuliya, ndiye phala la tsikulo ndinalitapira m'makapu achitsulo opaka majarini, kamzati ka foilo pakati. Oyambawo anatuluka olemera chifukwa phala linali litadikira. Ndinakonza lina latsopano kuti ndione mphamvu yeniyeni ya mbaula.

Kudziwa kutentha popanda chopimira ndiye luso lake. Apongozi amawaza kaufa pa chivundikiro cha chitini n'kuika m'kati. Ufa ukafiirira pang'ono patatha mphindi zisanu, moto uli bwino. Ukada msanga, chotsani makala ena. Ukakhala woyera, wonjezerani pamwamba. Ine ndinkafuna kutsegula pafupipafupi kuti ndione, iwo anandigwira dzanja.

"Musatsegule. Mphuno ikuuzani. Fungo likafika pomwe takhala pano, ndiye kuti zatsala pang'ono."

Zinatenga mphindi 16, kuposa za mu uvuni. Koma chomwe chandidabwitsa n'chakuti a pa mbaula ndi ofewa kuposa a magetsi. Ndaganizira chifukwa chake: sefuliya ndi yaing'ono ndipo ndi yotsekeka, nthunzi yochokera m'phala imazungulira momwemo, pomwe uvuni wamagetsi uli ndi malo ambiri ndi mpweya wouma. Pamwamba sanafiire mofanana, mbali ina inatsogola. Apongozi akuti ndizizungulitsa chivundikiro kamodzi pakati pa nthawi, osachinyamula, ndipo potsegula ndizichikokera kumbali mosamala kuti phulusa lisagwere m'kati.

Chenjezo lomwe sindikufuna kuliiwala: mbaula ikhale panja kapena pakhonde. M'chisanu muno anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera, ndipo makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha, wakupha. Pa tsikulo tidzaphika usiku kukuzizira, ndipo chiyeso cholowetsa moto m'nyumba chidzakhalapo. Ndauza kale onse odzandithandiza kuti adzabwere atavala majuzi.

Lolemba

Ndapita kwa mmisiri wokhoma zidebe kumsika ndi chithunzi cha thireyi ya madonasi ndi muyezo wa kukamwa kwa sefuliya yanga. Akhoma mathireyi awiri ozungulira, lililonse la mabowo asanu ndi limodzi, oti azilowa m'sefuliya. Iye ankafuna kugwiritsa ntchito lata la denga poti ndi lomwe anali nalo pafupi. Ndakana. Malata amakutidwa ndi zinc, ndipo zinc sayenera kukhudzana ndi chakudya chotentha, makamaka chokhala ndi asidi ngati phala la chambiko. Zitini za penti nazonso ayi. Ndamupatsa mapoto awiri akale a aluminiyamu obooka pansi kuti adule m'mbali mwake. Akuti ndikatenge Lachisanu.

Loweruka, pakati pa Julayi

Mathireyi abwera. Mabowo sali ofanana ndendende, koma tizitsa tapakati taima bwino ndipo palibe msonga yocheka. Ndawatsuka, ndawapaka mafuta, ndawatenthetsa opanda kanthu kamodzi. Madonasi akutuluka ozungulira, bowo loonekera, ntchito yopinda foilo yatha.

Lero ndayesa mbatata. Alamu anga anabweretsa mbatata yofiira m'kati, ya mtundu wa Kadyaubwerere, ndipo ndinakumbukira kuti ophika buledi ena m'dziko muno amasakaniza phala la mbatata yotereyi ndi ufa wa tirigu. Tirigu wambiri yemwe timadya amachokera kunja, wolimidwa kuno, monga wa ku Tsangano ku Ntcheu, ndi wochepa, n'chifukwa chake ufa umakwera ndalama yathu ikangogwa. Mbatata ili m'munda mwathu momwemu, ndipo yofiirayi ili ndi zomwe thupi limasandutsa Vitamini A.

Ndinaiphika ndi makoko ake kuti isamwe madzi, ndinasenda, ndinaipota ndi mthiko, n'kuidutsitsa pa sefa kuti ulusi utsale. Muyezo watsopano: ufa magalamu 200, mbatata yopota magalamu 120, chambiko mamililita 200, zina zonse monga kale. Mbatatayo imalowa ku mbale ya zamadzi, imenyedwe pamodzi ndi mazira mpaka isalale.

Sindinayembekezere kuti zingagwirizane chonchi. Mtundu wa m'kati ndi wachikasu chowala. Kukoma kwa mbatata sikukulimbana ndi sinamoni, kukumunyamula. Sanafufume kwambiri ngati a ufa wokhawokha, ndi olemererapo pang'ono, ndipo anafuna mphindi ziwiri zowonjezera. Koma pa funso langa lija apambana onse: m'mawa mwake anali ofewa ngati ongophika kumene, ndipo ngakhale tsiku lotsatira ankadyekabe. Mbatata ilibe gluten, ndiye yachepetsa kutanuka, ndipo imagwira madzi osawataya.

Ndinayesanso kukweza mbatata kufika magalamu 180. Pamenepo zinapitirira: m'kati munali ngati mosapsa ngakhale kunja kutafiira, ndipo ena anathyoka potulutsa. Ndibwerera pa 120.

Lachinayi

Ndinatenga madonasi 24 kupita nawo ku Chigwirizano, theka a ufa wokha theka a mbatata, onse ophika dzulo madzulo. Sindinanene kuti awa ndi ati. Titatha mapemphero ndinatsegula bakuli.

A mbatata anatha poyamba. Mayi wina wachikulire anandiitana pambali.

"Mayi, izi mwakazinga ndi mafuta anji? Sizikundivutitsa pamtima ngati mandasi."

"Sindinakazinge, amayi. Ndaphika pa mbaula, ngati chigumu."

Anapempha kuti tsiku lina ndidzaonetse gulu lonse, ndavomera kuti chikadutsa chinkhoswe. Ena awiri anati shuga wakunja wachuluka kwa iwo, wina mwa iwo ali ndi matenda a shuga ndipo anangonyema kachidutswa. Ali ndi mfundo. Kusakazinga kwachepetsa mafuta, koma iyi ikadali donasi, ufa woyera ndi shuga, ndipo sindidzauza aliyense kuti ndi chakudya cha odwala. Pa tsikulo ndidzasiya ena ongopaka majarini ndi kuwaza sinamoni yekha, ndidzawaika m'mbale yawoyawo.

Za kasungidwe ndaphunzira izi. M'bakuli lapulasitiki lotseka kwambiri, madonasi akalowa akadali ofunda, nthunzi imabwerera pa shuga ndipo m'mawa amakhala onyowa. Ayenera kuzizira kotheratu, kenako pansi pa bakuli payalidwe kansalu koyera kouma, ena pamwamba pa anzawo asapitirire mizere iwiri. Mufiriji ayi. Kuzizira kwa mufiriji kumalimbitsa msanga sitachi wa mu ufa, ndipo buledi kapena keke zimauma mofulumira mmenemo kuposa pa shelefu. Mwayi wathu ndi woti Ogasiti ndi wouma. Ikanakhala nyengo ya mvula, shuga wakunja akanamwa chinyezi cha mumpweya n'kusungunuka yekha.

Njira yomwe yapambana zonse ndi yophika madzulo, kusunga osavala kanthu, kenako m'mawa kuwafunditsa mphindi zitatu m'sefuliya, kupaka majarini ndi kugubuduza mu shuga. Amaoneka ndi kununkhira ngati atuluka kumene. Ntchito ndi yowirikiza, koma ikundichotsera mantha odzuka pakati pa usiku.

Lamlungu madzulo

Ndawerengera zogula. Muyezo umodzi ukutulutsa madonasi 12, ndiye miyezo isanu ndi inayi ipereka 108, otsalawo ndi a olawa ndi othyoka. Pakufunika ufa makilogalamu 1.8, mbatata yopota yopitirira kilogalamu imodzi pang'ono, mazira 18, chambiko malita 1.8, majarini magalamu 900 kuphatikiza wopaka, ndi shuga mapaketi awiri a kilogalamu imodzi, ina ya m'phala ina yokunkhunizira. Sinamoni yemwe ndinagula akwanira, koma ndidzamusinja kutatsala tsiku limodzi kuti fungo lisathawe.

Sindidzasakaniza phala lonse nthawi imodzi, chifukwa lomalizira lingadzafe likudikira. Zouma ndidzayezeratu m'timapepala tisanu ndi tinayi, kalikonse ka muyezo umodzi. Zamadzi zikhoza kumenyedwa zonse pamodzi m'ndowa yoyera n'kumatapa ndi kapu yoyezera, bola zikhale pofunda pang'ono kuti majarini asaundane. Thireyi ikatuluka, ina izilowa, phala lake litangosakanizidwa kumene.

Mathireyi awiri a mmisiri akufuna masefuliya awiri ndi mbaula ziwiri. Alamu andibwereka yawo. Magetsi akadzakhalapo, thireyi yakale ya foilo idzagwiranso ntchito mu uvuni ndipo tidzamaliza msanga. Akadzapanda kukhalapo, ndi mbaula zokha ndikuyerekeza maola anayi, kuwerengera nthawi yosintha makala ndi kutsuka mathireyi. Apongozi avomera kuyang'anira moto, mwana wa achemwali anga azipaka mathireyi, ine ndizisakaniza.

Zotsala zomwe sindinathane nazo ndi ziwiri. Mathireyi atsopanowa akumatabe pa tizitsa, makamaka ndi phala la mbatata. Sabata ino ndiyesa kupaka majarini n'kuwaza kaufa pamwamba pake ndisanathire phala. Chinanso ndi mbatata yeniyeniyo: yomwe alamu anabweretsa yatha, ndipo mbatata imasiyana madzi malinga ndi mtundu ndi nthawi yomwe yakhala chikumbireni. Ndawapempha andisungire ya m'munda womwewo, ndipo ikafika ndiphika muyezo umodzi woyesera kuti ndione ngati chambiko chikhale pa mamililita 200 kapena chitsike.